Tibwerekeni Khasu la Riboni Lija

Kwa Olemekezeka Apampando a Komiti ya Ngalande,

Bwana,

Pepani kuti mlendo amene sanathe n'komwe chaka m'dziko lanu walimba mtima kukulemberani. Ndine Josiah, wa ku Dedza ku Malawi. Ndinabwera ku Kanyama kuno kudzawotcherera zitseko, pamodzi ndi mkazi wanga Belinda ndi kamwana kathu Tiza. Kwathu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ife chinyowereni sitinaume, ndipo ndalemba kuti ndithokoze.

1. Zikomo chifukwa cha msonkhano uja wa mu Okutobala. Munabwera ndi khasu lomangidwa riboni, munakumba kamodzi, anakujambulani, kenako munatiuza kuti chaka chino madzi salowanso m'nyumba ya munthu. Anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Ine misozi inalengeza, poona kuti ndafika m'dziko la atsogoleri.

2. Zikomo potiphunzitsa mwambo wa kuno. Nyumba iliyonse pamzere wathu ili ndi kachipupa pakhomo, koti munthu amachita kudumpha polowa. Ife tinkaona ngati ndi kamangidwe chabe. Belinda anali atapunthwapo kangapo mwana ali kumbuyo, ndiye nditangomva mawu anu ndinatenga hamala n'kugumula kathu. Tsiku lomwelo a Nkole, nkhalamba yoyandikana nafe, amene anaomba m'manja kuposa tonse, ndinawapeza akukanda simenti. Anayang'ana hamala yanga mwachisoni n'kuti, "Ba Malawi, kuno bakalonjeza dreneji yotulutsa madzi, timaikako laini imozi ya mabuloko pa kachipupa." Kachipupa kawo kafika m'chiuno, umboni woti komiti yanu si yaulesi pakamwa.

3. Madzi anafika mu Januwale, osagogoda. Ku Dedza madzi timachita kuwalondola kudambo. Kuno amatipeza okha pabedi, atadzera kaye m'zimbudzi za kumtunda kudzatipatsira moni wa anthu akumeneko. Mbaula inapita, nsapato zanga za kutchalitchi zinaitsatira. Chitukuko chotere kwathu sichinafike.

4. Tiza wafika pamsinkhu woyenda. Anzake kumudzi akuphunzirira pabwalo, iye akuphunzirira patebulo, poti ndi pokhapo pouma m'nyumba muno. Amangoti kuponda, kuponda, tebulo latha. Belinda amakhalira kumugwira malaya tsiku lonse, miyendo ili m'madzi. Mwana wa nyumba ya kuseri anamutengera kuchipatala atatsekula m'mimba, ndipo sanabwerebe. Apa bwana nthabwala zandithera, ndikuchita mantha. Belinda wati madzi akapanda kuphwa pakutha pa mwezi, akwera basi ndi mwana kubwerera kwa amayi ake, ine nditsale ndi atsogoleri angawo. Ndilibe pakamwa pomuletsera.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera mlendo. Sindikupempha makina okumbira, ndikudziwa kuti akujambulidwa kwina. Sindikupemphanso kuti mubwere, nsapato zanu zija tinaziona ndipo sitikuzifunira zoipa. Makamaka ndikugwada kuti musatiyankhe ndi lonjezo. A Nkole akula, kachipupa kawo kakakwera mzere wina sadzatulukanso m'nyumba.

Amuna a pamzere wathu tapangana kuti Loweruka tikumbe tokha kanjira kotulutsira madzi, koma makasu athu anatha ndi miyala ya kuno. Chonde tibwerekeni khasu lanu lija. Linangokumba kamodzi, liyenera kuti likadali lakuthwa. Riboniyo tidzaichotsa mosamala n'kuisunga patebulo, pamodzi ndi mwana. Zonse tidzabweza tsiku limene Tiza adzaponde pansi.

Ndine wanu amene anakukhulupirirani, mwina ndekha m'Kanyama monse,

Josiah, bambo a Tiza