Tikupepesa Akavalo Anu, Bwana Wapampando

Kwa Bwana Wapampando,
Komiti Yokonza Mpikisano Waukulu wa Akavalo,
ku ofesi yanu ya pamwamba pa hotelo, kumene madzi safika.

Bwana wolemekezeka,

Ine ndine Jwa Chun-ok, mayi wolima manachesi m'mudzi wa Seonmok, kuseri kwa bwalo lanu la mpikisano. Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwe, poti ndili ndi miyendo iwiri yokha. Ndalemba chifukwa mneneri wanu, a Pyo, ananena pa wailesi yakanema kuti anthu a m'mudzi mwathu tinasokoneza mpumulo wa akavalo pa tsiku la namondwe, ndipo komiti ikudikira kuti tipepese poyera. Pamsonkhano wa mudzi anandisankha ine, ati ndine ndinatsogolera. Ndiye kupepesako ndi kuno. Koma kwathu munthu sapepesa asanathokoze, choncho mundilole ndiyambe ndi zabwino zimene mwatichitira.

Choyamba, tikuthokoza chifukwa cha denga. Holo ya masewera ya m'mudzi mwathu ndiyo nyumba yokhayo yolimba imene ili pamtunda, ndipo namondwe aliyense amatipeza momwemo, titakumbatira mabulangete ndi mitsuko ya kimchi, kabichi wathu wowawasa wa tsabola uja. Denga lake lakhala likudontha chibadwire mdzukulu wanga, amene pano akumeta ndevu. Tikapempha, tinkangouzidwa kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Koma a zanyengo atangolengeza kuti namondwe walunjika pachilumba pathu pa Jeju, inu munakumbukira kuti akavalo anu ali m'matenti m'mbali mwa mtsinje. Amisiri anafika tsiku lomwelo. Denga latsopano, injini ya magetsi yatsopano, makina oziziritsa mpweya, pansi ponse mphira kuti ziboda zisaterereke. Ine ndinagwetsa misozi, bwana. Sindinkadziwa kuti misomali imakhomeka msanga chonchi. Ntchito itatha, pakhomo panakhomedwanso chikwangwani chokongola chonena kuti anthu asalowe.

Simunatitaye. Munatipatsa matenti aja akavalo anasiya. A Pyo anatifotokozera mwaulemu kuti ndi matenti apamwamba, ochokera ku Ulaya, ndipo udzu wake wasinthidwa. Wapampando wa mudzi wathu, a Bu, munthu wofatsa amene amaweramira ngakhale foni ikalira, anafunsa chapansipansi kuti, “Nanga ngati ndi abwino chonchi, akavalowo akuchokamo bwanji?” A Pyo anayankha kuti akavalo ndi alendo. Zoona mlendo ndi mame, kungoti sitinkadziwa kuti mwininyumba ndiye amakagona pamamepo.

Chachiwiri, tikuthokoza chifukwa cha bata. Pakati pa mudzi pali chimkuzamawu chimene chimalira mtsinje ukayamba kusefukira. Madokotala anu anapeza kuti kulira kwake kumathamangitsa mtima wa kavalo, ndiye munachizimitsa, n'kupatsa a Bu mbendera yachikasu kuti zinthu zikavuta aziikupiza. Agogo a Yang Geum-nye, amene anakalambira kumira m'nyanja kutola nkhono mpaka makutu anagontha, anati kwa iwo palibe chasintha. Enafe tinaphunzira kudya, kuchapa ndi kukangana maso ali kunyumba kwa a Bu.

Chachitatu, matumba amchenga amene tinasanja m'mbali mwa mtsinje munawabwereka kuti akatchinjirize mchenga wa pabwalo lanu, umene unabwera pa sitima kuchokera kutali. Tinanyadira kuona mchenga wathu wakumudzi utalembedwa ntchito yolondera mchenga wophunzira.

Chachinayi, ndipo ichi amuna anga andituma kuti ndithokoze mwapadera. Munafuna kuyeserera kasamutsidwe ka akavalo, koma eni ake anakana kuti ziweto zodula zikwere ndi kutsika malole pachabe. Ndiye munaitana ife. Aliyense anakolekedwa m'khosi nambala ndi dzina la kavalo amene akumuimirira. Amuna anga, a Hyun Dal-su, amene mapapo awo anatha ndipo amapuma mothandizidwa ndi makina, anakhala kavalo wa ku Jeremani wa dzina lalitali limene lilime langa limalephera. Amuna anayi ovala magolovesi oyera anawakankha pa chikuku mosamala ngati dzira, wina akuwasisita pakhosi n'kumati, “Pang'onopang'ono, mfumu, pang'onopang'ono.” Dokotala wa ziweto anawamvetsera mtima, nawayang'ana m'kamwa, n'kulamula kuti kavalo ameneyu asathamange chaka chino. M'lolemo munali kamphepo kayaziyazi ndi nyimbo zofewa. Atatsika anandiuza kuti, “Mayi a Mi-ran, chikwatirane simunandisisitepo pakhosi chonchija.” Ndinawauza kuti akapate kaye mendulo.

Kuyesererako kunayenda bwino. Malole anatitula pa holo, a nyuzipepala anajambula, tinaomba m'manja, kenako tinauzidwa kuti tibwerere tokha wapansi, popeza tsopano tinali anthu.

Ndifike pa mlandu wathu.

Namondwe anafika masana, magetsi n'kuzima mpunga usanapse. Matenti anu tinawaona akudutsa pamwamba pa munda wanga, atalunjika cha ku Busan, mzinda wa kutsidya kwa nyanja. Akakafika bwino mutiuze. A Bu anakupiza mbendera mokhulupirika mpaka mphepo inawalanda, kenako anavula malaya n'kumakupiza omwewo. Mtsinje, posapeza matumba aja, unalowa m'mudzi ngati wachibale, osagogoda. Makina a amuna anga ali ndi batire, koma la kanthawi chabe, ndipo linayamba kulira ngati mwanapiye wotayika. Madzi atafika m'akakolo ndinawayang'ana pakamwa, ndinaona milomo ikuda. Ndinawamangirira pa chikuku ndi nsalu yokololera manachesi, makina pamiyendo, n'kuyamba kukankha kukwera mtunda. Sindinaitane munthu, bwana. Nditacheuka ndinangoona mudzi wonse uli pambuyo panga, ena atabereka ana, ena atabereka makolo awo. Agogo a Yang anali atavala magalasi awo omirira. Anati mvula yotere si mvula, ndi nyanja imene yaimirira.

Pakhomo pa holo panali mlonda wanu, a Seok, bambo wonenepa wa ku Mokpo. Anatambasula manja n'kunena kuti, “Amayi, pepani, muno ndi mwa ochita mpikisano okhaokha. Komanso mulibe ziphaso za katemera.”

Agogo a Yang anandifunsa kuti, “Akuti chiyani mwanayu?”

“Akuti tilibe ziphaso, agogo.”

“Umuuze zikomo,” anatero, n'kudutsa kunsi kwa mkono wake.

Enafe tinaima pamvulapo, poti tinaleredwa kulemekeza zikwangwani. Batire lija linali litasiya kulira. Pamenepo amuna anga, osatha kutulutsa mawu, anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa nambala ija, imene chiyeserere sanaivule. A Seok anayang'ana nambalayo, anayang'ana milomo ya amuna anga, anayang'ananso khamu lonyowa lija. Kenako anatsegula zitseko zonse ziwiri n'kunena mokweza kuti, “Kavalo uyu ndikumudziwa. Alowe, pamodzi ndi omusamalira ake onse.”

Tinalowa mudzi wathunthu, omusamalira okhaokha. Ndamva kuti a Seok mwawachotsa ntchito. Mwachita bwino. Munthu wosatha kusiyanitsa kavalo ndi nkhalamba angadzakulowetsereni nkhalamba mu mpikisano.

M'katimo polumikizira magetsi paliponse panali potanganidwa. Ine, mayi wosaphunzira, ndinazula waya umene ndinayamba kuupeza n'kulumikizapo makina a amuna anga. Anapuma. Anapumanso. Ndinakhala pansi pa mphira wanu uja n'kulira mopanda ulemu. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti waya umenewo unali wa makina osisita miyendo ya kavalo wa ku Jeremani yemwe uja, mwini nambala.

Tinakhala m'menemo mpaka mphepo inaleka, ndipo sindibisa kanthu pa zimene zinachitika. Tinatsegula mitsuko ya kimchi, fungo n'kudzaza holo. Mayi wina wa ku Poland wosamalira akavalo analawako, analira, n'kupemphanso. Kavalo wina anadya chipewa cha a Bu ali chivalire, ndipo a Bu anamuweramira. Mphepo itayamba kugwedeza denga agogo a Yang anayamba nyimbo yawo yopalasira bwato kuti ana asaope, kavalo woyandikana nawo n'kumenya khoma ndi ziboda. Ameneyo sitikumuimba mlandu, ifenso takhala tikufuna kutero kwa zaka zambiri. Koma wa ku Jeremani uja anatulutsa mutu pamwamba pa chitseko chake, n'kuutsamiritsa paphewa pa amuna anga, awiriwo n'kumapumirana. Ndinamva amuna anga akumuuza kuti, “Pepa mnzanga, ndakubwereka pang'ono.” Kavaloyo sanadandaule. Ndiyenera kunena kuti mwa onse okhudzidwa ndi mpikisano wanu, akavalo okha ndi amene sanatifunse ziphaso.

Titatsika mtunda tinapeza nyumba yanga ilibe denga, matope atafika pawindo, mitengo ya manachesi itagona ngati yaledzera. Mipanda yamiyala imene apongozi anga anasanja ndi manja inali mbwee mumsewu. Mlatho wathu unapita. Munthu sanafe ndi mmodzi yemwe. Mchenga wanunso unapulumuka, ndipo mpikisano unapitirira monga munalonjezera dziko lonse. Tinauonera pa kanema wa m'nyumba yosungiramo manachesi, mmene tikugona pano pakati pa makatoni, poti holo munaikiyanso.

Tsopano ndipepese, ndipo ndikupepesa ndi mtima wonse. Ndikupepesa chifukwa cha fungo. Ndikupepesa chifukwa cha matope amene tinapondetsa pa mphira. Ndikupepesa chifukwa cha nyimbo ya agogo a Yang, ndiponso chifukwa cha chipewa chija, chimene ndamva kuti chinatsegula m'mimba mwa kavalo wanu, katswiri wa kudumpha. Koposa zonse ndikupepesa kuti kavalo wa ku Jeremani anathera pa nambala yachinayi. Mwini wake akuti miyendo inauma chifukwa sinasisitidwe tsiku lija, ndipo ine ndilibe mawu otsutsa. Amuna anga ali moyo, akudya phala la nkhono ndipo ayambiranso kundinena kuti ndimathira mchere wambiri. Ndikudziwa kuti zimenezi sizingabweze mendulo.

Chimene chatiopsa ndi ichi. A Pyo ananenanso kuti chifukwa cha khalidwe lathu, komiti ikuganiza zokachititsa mpikisano wa chaka chamawa kwina. Bwana, musatilange chonchi. Ife taona ndi maso athu zimene zimachitika pamalo pakaponda kavalo. Bwererani. Mukabwera, tikupempha kuti njira ya akavalo idzadutse pamene panali mlatho paja. Mudzawagoneke ku chipatala chathu chaching'ono, chimene chinatsekedwa dokotala atasamuka, ndipo madzi awo akumwa mudzatunge pampopi wa kusukulu, umene umatulutsa dzimbiri. Ife tidzakhala chete kuseri kwa mipanda, sitidzaimba, sitidzatsegula mtsuko.

Ndipo ngati sikukhala kukula mtima, mutisiyireko kavalo mmodzi. Asakhale wa mendulo. Ngakhale wotsimphina, wokalamba, amene mukuganiza zomupumitsa, bola akhale ndi ziphaso zake zonse. Ndidzamusunga m'nyumba mwanga, pafupi ndi bedi la amuna anga, ndizidzamupatsa manachesi osenda. A zanyengo akuti kum'mwera kwa nyanja kukubadwanso namondwe wina, ndipo ndingagone mtima uli m'malo nditadziwa kuti m'nyumba muno muli wina woti mudzabwere kudzamupulumutsa.

Wanu wogwada m'matope,

Jwa Chun-ok
Mudzi wa Seonmok, Jeju