Tambala Amene Anagwira Ntchito ya Koyilo

Tabweza kamakina kako m'thumba, Tadala, kameneka ukuti kakuuza chimene chavuta m'thiraki yako, ndipo usandisekere kumbali ngati ndine wamisala. Ine Kambalame ndinazengapo mlandu m'kati mwa injini ikuyenda, ndipo ngati ndikunama mphezi ing'ambe galaja lino. Khala pansi apo, kuntchito upita nkhani ikatha.

Linali tsiku la chinkhoswe cha bambo ako, Limbani mphwanga, ine ndili nkhoswe yake. Amalume a mayi ako, a Mbewe a ku Arlington aja, munthu wa ku Chipata wouma mtima ngati chitsa, anali atanena poyera kuti: "Manje imwe a Kambalame, nkhuku ya mu fuliji ise sitifuna. Ngati kulibe tambala wamoyo, kulibe ukwati." Tambala wamoyo ku Amereka kuno! Ndinamusaka mpaka kuminda ya kuseri kwa Gaithersburg, ndinam'peza wofiira, wamsinkhu wa mbuzi, ndinam'khazika m'bokosi kumbuyo kwa thiraki ya Che Jafali, mnzanga wosamutsira anthu katundu, pamodzi ndi mipando ndi matenti. Pondipatsa makiyi Che Jafali anati ndisaizimitse panjira chifukwa sitata inafa, ndipo ukudziwa kuti kuno ngakhale ugwade pamsewu palibe angakukankhire galimoto.

Pa dashibodi panali tepi yakuda. Kanyali kachikasu kochenjeza za injini kanayaka kalekale, ndiye Che Jafali anakamata kuti kasamawasowetse mtendere, monga timachitira tonse. Nditangolowa mumsewu waukulu wa Beltway, thiraki inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo, injini ikumisa, ikutsokomola, mipando ikuvina kumbuyo, ndipo kanyali kaja kanaotcha tepi n'kutulukira, osati kuyaka chabe ayi, koma kuphethira, phethi phethi, kuwala kwake mpaka ndege ina inasiya bwalo lake n'kuyamba kunditsatira poyesa kuti ndikuiitana. Ukumva?

Kanyali kameneka kakangoyaka duu, ndiye kuti nkhani ingadikire mawa. Kakamaphethira, ndiye kuti silinda ina yasiya kuotcha petulo, petuloyo akutsika wamuwisi kukapsera m'chigubu chosefa utsi cha pansi pa galimoto. Ndipo chigubu chimenecho chinali pansi penipeni pa bokosi la tambala wanga. Nditasuzumira, chinali psuu ngati mbaula, phula likusungunuka m'mbuyo mwanga, magalimoto akumatirira pamsewu ngati ntchentche pa uchi, tambala akudumphadumpha kusinthanitsa miyendo, ndipo kafungo ka nkhuku yootcha kanali katayamba kale. Mantha anandigwira, sindibisa. Ndinaona Limbani ataima yekha pamaso pa anthu, atavala suti yobwereka, mkazi atapita.

Kuima sindikanatha, kuzimitsa sindikanatha. Koma Beltway ndi msewu wozungulira ngati lichero, ndiye ndinavula tayi, ndinamanga chiwongolero mopendeketsa pang'ono kuti thiraki izizungulira yokha mzinda wonse, ndinatsamiritsa nsapato pa chopondera moto, ndinatulukira pawindo, ndinakwawa mpaka kutsogolo, ndinatsegula boneti ndi mano, ndinapuma mpweya wonse kunja mpaka ndinaonda ngati ndodo, ndipo ndinalowa m'injini kudzera pothirira oyilo. Usapukuse mutu, nthawi imeneyo mimba iyi ndinalibe.

M'kati muja ndinapeza mudzi wa nyumba zisanu ndi zitatu, ndiwo masilindawo, nyumba iliyonse ndi banja lake: koyilo ndiye mwamuna, amabweretsa magetsi, pulagi ndiye mkazi, amakoleza moto. Nyumba zonse utsi tolo, koma yachitatu kuli zii, pansi petulo ali thapwi, awiriwo apatsana misana. Ndinakhala pa pisitoni, ikundikweza ndi kunditsitsa mutu ukugunda kudenga, n'kuyamba kufunsa monga nkhoswe. Pulagi akuti bamboyu sabweretsa kalikonse pakhomo pano. Koyilo akukana kwamtuwagalu, akuti mayiyu wakalamba, wada ndi mwaye, ngakhale um'patse mphezi sangayatse ndi udzu womwe.

Ine maukwati ndamanga ambiri, ndipo ndikudziwa kuti banja likamakangana sufunsa kuti wolakwa ndani, onse amalumbira. Umawasiyanitsa n'kuona kumene phokoso lilowere. Ndinanyamula koyilo uja kukam'siya kunyumba yachisanu, wa kwachisanu n'kubwera naye kwachitatu. Nthawi yomweyo kwachitatu moto lawi, pulagi akuimba nyimbo, kwachisanu kwazizira ngati pamaliro. Mlandu unathera pomwepo. Ndinam'gwira pakhosi koyilo waulesiyo n'kum'ponya mumtsinje wa Potomac pamene tinkadutsa pamlatho, mlamba wina unam'meza, ndipo mpaka lero asodzi amati muli nsomba imene imasambira modukizadukiza, ikutsokomola utsi.

Tsopano nyumba yachisanu inatsala yopanda mwamuna, ndipo koyilo wina ndikanam'tenga kuti pakati pa msewu? Ndinathamangira kumbuyo, ndinanyamula tambala nthenga za kumchira zikufuka, n'kukumbukira kuti suti yanga inali ya nayiloni, ija imakuthethetsa ukagwira chitseko nyengo yozizira. Ndinam'khuta pasuti tambalayo, kum'khuta, kum'khuta, mpaka lipombo lake linaima njo, likuthetheka moto wabuluu, ndinam'khazika pamutu pa pulagi, ndinam'nong'oneza kuti achimwene, mukapanda kujompha apa tipsera limodzi, ndipo anayamba kujompha, jo jo jo, kujompha kulikonse moto lawi, mofulumira mpaka mutu wake sunkaonekanso. Injini inalira bwino ngati kwaya ya amayi, kanyali kanazima, chigubu chinazizira mpaka kuchita mame, ndipo thiraki inathamanga moti tinadzipitirira tokha, ndinaona ndi maso angawa nambala yathu yakumbuyo ili kutsogolo kwanga. Ukumva?

Tinafika ku Arlington a Mbewe ataimirira kale, chipewa chili m'manja, mayi ako akulira m'chitenje. Ndinatsika ndili bii ndi oyilo, nsapato imodzi, n'kuwaikira tambala m'manja. Anam'tembenuza uku ndi uku, anam'nunkhiza, n'kuti: "Ali moyo uyu? Alire timve." Tambala anakweza khosi, anatsegula kukamwa, n'kulira kuti vuruuum, mawindo a holo onse anagwedezeka, ma alamu a magalimoto analira mpaka ku Maryland, ndipo a Mbewe anakhala pansi okha popanda wowauza. Chinkhoswe chinachitika, nthungululu zinamveka, ndipo ine ndinalira misozi yakuda.

Tambalayo anakhala kwa makolo ako, ndipo diso lake lakumanzere linasanduka lachikasu. Makolo akowo akayambana pang'ono za mbale zosatsuka, linkangoyaka duu, ine osadzivuta. Likayamba kuphethira, ndinkasiya chilichonse n'kuthamangirako. Ukufunsa kuti ali kuti? Anam'tenga oyeza utsi wa magalimoto, sanakhoze mayeso, ndipo ndinamva kuti akukoka ngolo pafamu ina.

Ukufuna umboni? Umboni ndi iweyo. Tambala uja akanapsa, bwenzi pano ndikuyankhula ndi mpando. Ndiye usandiuze kuti uyendabe nayo thiraki yakoyo mpaka kuntchito kanyali kakuphethira, ati chifukwa ndi pafupi. Bweretsa makiyiwo kuno, tsegula boneti, tione banja limene lazimitsa moto. Ndipo usandiyang'ane choncho, taona diso lako lakumanzere layamba kale kuphethira.