Dziko Limene Ndinalipeza Kuseri kwa Mlalang'amba

Amene akufuna kuseka aseke tsopano, amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano a munthu. Inu a Mbewe mwapotoza kale mlomo, chonsecho kutali kumene munafikako ndi ku Chipata, ndipo ndinakufikitsaniko ndine, pa minibasi yanga, mutakhalira thumba la nsawa. Ine ndinafika kumene dzuwa limaoneka ngati kanjere ka mapira, ndipo ngati ndikunama mwendo wanga wabwinowu uume lero lomwe.

Zinayamba chaka chimene ndinathyoka mwendo n'kusiya udalaivala. Mwana wanga Esinati, uja amaphunzitsa ku Chipata, ataona kuti ndikungokalipira nkhuku pakhonde, anandisiyira foni yake yaikulu, m'menemo muli gemu yoyendetsa chombo cha m'mlengalenga. Anati, "Atate, chiwongolero ndi ichi, mabuleki ndi awa. Muziyenda, musamavutitse amayi." Iye ankayesa choseweretsa ana. Sankadziwa kuti wapereka chombo kwa munthu amene ankadutsa msewu wa ku Mlolo ndi minibasi yodzaza mvula ili pachimake.

Tsiku loyamba lomwelo ndinaudutsa mwezi osaima, pakuti panalibe wokwera, ndinakhotera kudzuwa, ndipo ndinayandikira kwambiri moti chimanga chimene ndinaika paphiko chinapsa mbali imodzi, ine n'kutembenuza chombo kuti chipse mbali inayo, n'kumakukuta ndikuwongolera ndi bondo, miyala ikuluikulu ngati tchalitchi cha ku mishoni ikuuluka uku ndi uku, ine kumaizemba monga ndinkazembera mbuzi za pamsika. Mukumva? Kutsogoloko kuli dzenje lakuda limene limameza nyenyezi zathunthu, ndipo linandigwira kumchira, koma ine maenje ndinakalambira momwemo, ndinabweza giya, ndinachigwedeza chombo kutsogolo ndi kumbuyo monga timachitira m'matope, ndinathira moto, n'kuvuuka nacho, nyenyezi ziwiri zimene dzenjelo linameza dzana zitakodwa kubampala. Foni inatentha mpaka akazi anga, a Namwale, anasitira mpango wawo wa kutchalitchi. Kawafunseni.

Ndinayenda dzinja lonse. Ndinaona dziko limene mvula imachokera pansi kupita kumwamba, anthu ake ambulera amaiponda. Ndinaona lina limene zolengedwa zake zili ndi pakamwa pabondo, moti zikafuna kukangana zimayamba zagwada, ndipo ndinati awa akanabwera kuno abambo mfumu akanapuma. Koma monsemo munalibe poti munthu n'kukhala.

Ndiye tsiku lina masana, kuseri kwenikweni kwa mlalang'amba, kumanzere kwa nyenyezi ina yofiira, ndinaliona. Nditatera ndinapeza dothi lakatondo ngati la ku Pembamoyo, mtsinje woyera woti mchenga ukuoneka pansi, madzuwa awiri ofatsa, lina likamalowa lina likutuluka, udzudzu kulibe, msewu wopanda dzenje ngakhale limodzi. Ndinabzala nsawa m'mawa, pofika masana zinali zitakhwima, imodzi kukula ngati dzungu, ndipo khoko lake ndinalisandutsa bwato n'kuwolokera tsidya lina kukadula mitengo. Mukundimva, a Mbewe? Pamenepo ndinayamba kumanga nyumba, khomo kuloza kumtsinje.

A Namwale ankasenda chinangwa chapafupi pakhonde, akundisuzumira. Anati, "Bambo a Esinati, tandionetsaniko dziko lanulo, nanenso ndione kumene mumaswera."

Ine ndinabisa foni pachifuwa. Ndinati, "Dikirani ndifolere denga. Mlendo salandiridwa m'nyumba yapululu."

Ndinkafuna akaone zonse zitatha. Moyo wanga wonse ndinanyamula anthu a eni, amalonda, odwala, akwati, koma mayi amenewa sindinawatengepo ulendo wongokaona malo. Ndinati ulendo uno akhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala.

Denga litatsala pang'ono, kunali ubatizo wa mdzukulu wathu ku mishoni. Esinati anabwereka foni ija kuti ajambule zithunzi, foni n'kukana kuti yadzaza. Mwana wanga sanaganize kawiri, anafufuta gemu. Ine ndinali pabenchi yakutsogolo, ndavala jekete, ndikuimba nawo, osadziwa kuti kunjaku dziko lathunthu, ndi mtsinje wake, ndi madzuwa ake awiri, lachotsedwa ndi chala chimodzi. Zithunzizo n'zokongola, sindikana. Khandalo linalira bwino.

Ataona nkhope yanga, Esinati anapepesa, anaibwezeramo gemu ija tsiku lomwelo. Koma inandiyambitsa poyambirira, chombo chatsopano chosadziwa njira, ndipo nyenyezi zofiira kumwambako n'zochuluka kuposa nyerere za pachulu. Ndakhotera kumanzere kwa iliyonse imene ndakumana nayo. Ndapeza maiko a phulusa, a madzi oundana, lina lonunkha ngati matayala akupsa. Langa lija ayi.

Chimene chimandiwawa si nyumbayo, nyumba ndikhoza kumanga ina. Chaka chomwecho maso a Namwale anayamba kuchita ng'ala. Lero foni ndikawayandikizira amangoona kuwala, ngati nyali ili kuseri kwa nsalu. Tsiku lija pakhonde maso awo anali akuthwa, oti ankatha kutola kamwala mumpunga, ndipo chimene chinkafunika n'kungotembenuza dzanja langali basi. Iwo sadandaula. Nthawi zina amati, "Tandiuzeninso za mtsinje uja," ine n'kufotokoza, iwo n'kumagwedeza mutu ngati akuumva kulira kwake.

Mukuti chiyani, a Mbewe? Kuti linali la m'foni chabe? Inu munaonapo mwamuna wa imvi ngati ine akusowa tulo chifukwa cha chinthu chimene kulibe? Dziko lija lilipo, nsawa zanga zikungodzimerera kumeneko popanda wokumba, ndipo ndidzalipeza ndisanafe. Ndikadzatera ndidzawagwira dzanja a Namwale, ndidzawatsitsa pang'onopang'ono, adzavule nsapato, dothi lija adzalione ndi mapazi.

Tsopano amene ali ndi chaja andibwereke. Batire yatsala pang'ono, ndipo chombo ndachisiya chikulira pakati pa njira.