Alamu Anga Apukuta Kompyuta

Inu, tamverani za alamu anga, amuna a mlongo wanga, aja timangowatcha a Dziwazonse. Zaka zinayi zapitazo anatenga ndalama za firiji n'kugula laputopu yodula, ija ya mabatani owala. Mlongo wanga atadandaula, iwo amvekere, "Mayi, ichi ndi chuma. Chili ngati malo, mtengo umangokwera." Malo! Chinthu chimene ankangoonerapo mpira!

Mwezi watha mlongo wanga anatopa n'kutaya ndiwo zosasa. Anati, "Firiji ifike pofika Loweruka, apo ayi ndikupita kwa achimwene." Achimwenewo ndine, ndipo nyumba yanga ndi ya chipinda chimodzi. Ndiye mwamvetsa chifukwa chake ndinathamanga kuwaperekeza alamu anga kokagulitsa laputopu ija.

Wogula makompyuta akale anaitembenuza uku ndi uku ngati nsomba ya dzana.

"Ndi ya liti?"

"Yatsopano! Zaka zinayi zokha."

"Bambo, kompyuta ya zaka zinayi ndi agogo. Ndikupatsani theka la theka la mtengo wake. Koma kaipukuteni kaye, mubwere nayo mawa."

Kupukuta kumene ankanena n'kufufuta zithunzi ndi mafayilo a m'katimo. Tili panjira ndinayesa kufotokoza.

"Alamu, inu mundiphunzitse ine? Ndi kafoni kanu ka tochi kameneko?"

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la alamu anga, ngakhale mutalitsina ndi pulayazi, simuphulapo kanthu.

M'mawa mwake anabwera nayo ili phuliphuli, ikununkhira sopo wotsukira mbale. Abale inu! Anaikwecha ndi siponji, pakati pa mabatani n'kulowetsamo mswachi. Zomata zonse anazipala ndi mpeni, ndi kapepala ka nambala ka kunsi komwe.

Wogula uja anadina batani. Zii. Anadinanso. Zii. Ataipendeketsa, madzi dontho dontho patebulo.

"Mwaisambitsa?"

"Si munati ndiipukute?"

"Nanga nambala ili kuti?"

"Inada, ndachotsa."

"Yopanda nambala kuno timaitcha yakuba. Ndiimbire apolisi, kapena ndingokugulani chaja?"

Chaja anagulitsa, inu. Ndalama yake inakwana basi yobwerera ndi mabanzi awiri, onse awiri anadya okha.

Kunyumba mlongo wanga anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndiye mwagulitsa chingwe, ng'ombe yakufa mwabwera nayo?"

"Mayi, msika wangogwa pang'ono. Tidikire ukwere."

Mlongo wanga anangokoka sutikesi kunsi kwa bedi.

Pano ali kwanga ndi ana atatu, ine ndikugona pampando, msana wonsewu waphwanyika. Ndakwiya, sindibisa. Dzulo a Dziwazonse anabwera kudzapepesa. Anakhala pampando wanga womwewo, n'kupempha madzi. Atamwa anakwinya nkhope, kuunguzaunguza m'nyumba monse, n'kupukusa mutu.

"Madzi ofunda chonchi? Alamu, munthu wamkulu ngati inu, mulibe firiji?"