Nyimbo ya Kalaliki Pamaso pa Apongozi

Pali masiku ena oti munthu ukawakumbukira umadziphimba kumaso ngakhale uli wekha m'bafa. Langa linali Loweruka lina ku Area 43, ndipo chinandipachika ndi kagitala ka zingwe zinayi.

Ine ndimagulitsa misomali ndi penti m'sitolo ya Amwenye ena ku Area 2. Chaka chatha ndinagula ukulele pa kaunjika, kagitala kakang'ono koti ukakanyamula anthu amayesa walanda chidole cha mwana. Ndinkaphunzira pa foni ndikaweruka, ndipo nyimbo zimene zinandilowa m'magazi ndi zonena za ntchito za anthu: ya kalipentala, ya telala, ya mphunzitsi, ya kondakitala wa minibasi. Si zanga ayi, ndi za oimba ena, ine ndimangotsanzira ndi mawu anga a bakhawa. (Aneba anga ku Area 4 anadandaula miyezi iwiri, kenaka anangozolowera.)

Tsiku lina chibwenzi changa, Tiwonge, anandiuza kuti, "Loweruka kwathu kuli phwando, adadi apuma pantchito. Ubwere ndi kagitala kako. Akakukonda tsiku limenelo, amalume ako sadzavutika pobwera kudzakamba za ukwati."

Ndinkangodziwa kuti bambo akewo, a Gondwe, amagwira m'boma ku City Centre. Munthu wanzeru akanafunsa kuti ntchito yake yeniyeni ndi yanji. Ine ndinafunsa kuti, "Nyama idzakhalapo?"

Ku Area 43 anthu amafika pa galimoto. Ine ndinatsika minibasi kumsewu waukulu n'kuyamba wapansi, jekete ili m'thupi, dzuwa likuswa mtengo. Pofika pageti mlonda anayang'ana thukuta langa, n'kuyang'ananso kachikwama.

"Okonza mipope alowere kuseri," anatero.

Anandiwombola ndi Tiwonge, akuseka mpaka misozi.

Anthu atadya, anandipatsa mpata. Ndinayamba ndi ya kalipentala. Anawomba m'manja mwaulemu. Ndinaponya ya mphunzitsi. Apa mayi ake a Tiwonge, amene ndi aphunzitsi, anaimirira n'kuimba nthungululu. Mutu unandikula pomwepo. Ndinadziuza mumtima kuti, mwana wa amuna iwe, banja ili walitenga, tulutsa yaikulu ija.

Yaikuluyo ndi nyimbo ya kalaliki wa muofesi amene amafika dzuwa litakwera, n'kukoleka jekete pampando kuti azioneka ngati alipo, iye ulendo. Aliyense wobwera amamuuza kuti fayilo yasowa, abwerenso mawa. Kusitolo kwathu makasitomala amaikonda koopsa.

Kuimba kokha sikunandikwanire. Ndinavula jekete yanga n'kuikoleka kumbuyo kwa mpando wapafupi, umene unali wa a Gondwe. Ndinayenda monyang'wa ngati kalaliki uja, ndikuyasamula, ndikunamizira kusakasaka mapepala. Ndinaona Tiwonge akundikupizira manja mwamphamvu. (Ndinayesa akuti ndionjezere moto.) Pofika pakolasi ndinawaloza a Gondwe ndi mutu wa ukulele kuti andithandize kuimba.

Sanaimbe. Palibe anaimba. Nditamaliza panali zii, moti ndinamva galu akuuwa kunyumba yachitatu.

Bambo wina amene anakhala pafupi anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, a Gondwe akhala mkulu wa makalaliki osunga mafayilo zaka makumi atatu. Tonse mukutiona panofe ndi a ofesi imeneyo."

Ndinapempha nthaka kuti ing'ambike, koma pabwalopo panali pa simenti. Ndinayang'ana Tiwonge, iye anali atayang'ana nsapato zake. Mumtima ndinayamba kale kukonza mawu okauza amalume kuti suti yawo yopitira kwa apongozi asavutike kuichapitsa.

A Gondwe anaimirira pang'onopang'ono, n'kuchotsa jekete yanga pampando ndi zala ziwiri.

"Mnyamata, nyimboyi wapeka wekha?"

"Ayi bambo, ili ndi eni ake. Ine ndangobwereka."

"Ndiye ukawauze eni akewo kuti analakwitsa. Kalaliki wodziwa ntchito sanena kuti fayilo yasowa. Amati, 'Fayilo yanu ikuyenda.'"

Phwando lonse linaphulika. Mayi wina wachikulire anakuwa ali chigwirire nthiti kuti, "Ndipo jekete payokha sikwanira, umasiyanso magalasi patebulo!" Anthu anandiuza kuti nyimboyo ndiibwereze. Ndinaibwereza katatu, iwo akundikonza mawu, wina akuloza mnzake kuti nyimboyo ikunena iyeyo.

Potsanzikana, a Gondwe anandiperekeza okha mpaka pageti. Apa nkhope inali itasintha.

"Taseka, ndipo aulesi otere alipodi," anatero. "Koma ine zaka zonsezi sindinasowetsepo fayilo ya mayi wamasiye ngakhale imodzi. Imeneyonso ukaipezere nyimbo."

"Ndikaifufuza, bambo."

"Usakaifufuze. Ukaipeke. Ndipo amalume akowo abwere mwezi wamawa, tsopano nthawi ndili nayo yambiri."

Amalume anapitadi, ndipo analandiridwa bwino. Ndinalumbira pamaso pa Tiwonge kuti sindidzatsegulanso pakamwa pagulu ndisanafunse kuti muno muli anthu a ntchito zanji. Panopa ndikukonzekera za pachinkhoswe. Ndapeza nyimbo ina yokoma zedi, ya makaniko amene amati akamanga injini amatsala ndi mabawuti asanu m'manja. Achimwene ake a Tiwonge akubwera kuchokera ku Mzuzu, ndipo pachithunzi ndaona kuti zikhadabo zawo n'zakuda. Ndiwafunsa ndikatha kuimba.