Mkombero Wachiwiri wa a Kingston

Akuluakulu a koleji ina ya ku Utawala, mumzinda wa Nairobi, alengeza, kudzera m'chikalata cha zidindo ziwiri, kuti bwalo la basiketibo lipatsidwa dzina la malemu a Kingston Chitedze, ndipo mkombero wachiwiri wogoletsera, womwe malemuwo anaupempha mpaka kusasa mawu, uikidwa posachedwapa. Komiti yakhazikitsidwa kale. Tiyi yamwa kale.

Amalawi a mu Nairobi ankawadziwa a Kingston ndi khalidwe limodzi: sankadutsa pansi pa chinthu osachilumphira. Chikwangwani cha pasiteji ya maminibasi otchedwa matatu, nthambi ya mtengo, pamwamba pa khomo la chipatala, zonse ankaziwomba khofi, pha! Tsiku la ukwati wawo anawomba khomo la tchalitchi ali m'suti.

"Bambo, mwayambira pompano?" ananong'ona mkwatibwi, a Modesta.

"Ndimangoona ngati bondo lilipo, mayi."

Anachoka ku Balaka kudzaphunzira za makompyuta, koma makompyutawo sanaione nkhope yawo. Pabwalo ndiye anali moto! Akalumpha, ochemerera ankawomba m'manja, kutopa, kupita kukagula chimanga chootcha, n'kubwerako iwo asanatere. Pamasewero awo omaliza anagoletsa mwaukali n'kulendewera kumkombero. Mkombero unathyoka, bondo nalo linathyoka. Koleji inawapatsa wezulo, udindo wa kochi, ndi bwalo lotsala ndi mkombero umodzi.

Basi unayambika ulendo wa ku ofesi ya mkulu wa zamasewero. Kufika, khofi pakhomo, pha!

"Bwana, mkombero uja."

"Kesho, kochi, kesho," ankayankha mkuluyo m'Chiswahili, kutanthauza kuti mawa.

"Kesho wanuyu ndi wamtali kuposa ine," ankatero a Kingston, n'kuwombanso khomo potuluka.

Chipongwe chinachitikira ku Karen, dera lina la mu Nairobi momwemo, pabwalo lonyezimira la koleji ya ana a mabwana. Chigawo choyamba anyamata a a Kingston anawaphika eni bwalo osathira mchere. Atabwera kopuma matimu anasinthana mbali, monga mwa lamulo. Koma miyendo yozolowera mkombero umodzi sidziwa lamulo. Watipa, kaputeni wa ku Rumphi, anautenga mpira, kudutsa anzake odabwa, kuuluka, n'kugoletsa chigoli chokongola zedi.

"Kochi, mwaona?"

"Ndaona, mwanawe! Uko n'kwathu! Wawagoletsera!"

Woyimbira analephera kuliza wezulo chifukwa cha phwete. A Kingston anabwerera ku Utawala, ndipo akuti tsiku limenelo anadutsa pansi pa zikwangwani zonse manja ali m'thumba.

M'mawa mwake anagubuduza diramu, kuliimika kumapeto kwa bwalo, kukwerapo, n'kupinda manja kutsogolo ngati akukumbatira mtengo.

"Kuyambira lero mkombero wachiwiri ndine. Ponyani!"

Anaponyadi. Wina unalowa, wina unatera padazi, wina pamphuno.

"Kochi, walowa?"

"Wagunda chitsulo!" ankakuwa, misozi ili lengelenge. "Winanso!"

A Modesta anadandaula kumpingo kuti anakwatiwa ndi munthu, koma madzulo kunyumba kumabwera golo wotupa. Komatu anyamata anaphunzira kuponya mwaulemu, poti kuphonya kunali kumenya kochi. Chaka chotsatira anabwerera ku Karen komweko n'kukatenga chikho. A Kingston anathamanga chotsimphina kuzungulira bwalo, kuwomba mikombero yonse iwiri, pha! pha! Mkulu wa zamasewero anafika nthawi yojambulitsa, ananyamula chikho, n'kulonjeza mkombero pamaso pa anthu.

"Liti, bwana?"

"Kesho."

Mtima wa a Kingston unaima chaka chatha, kesho asanafike. Diramu likadali pomwepo, ndipo palibe amene amalimba mtima kukwerapo. Mipira ikalowera mbali imeneyo imangogubuduka mpaka kumpanda. Anyamata akamalowa pageti amatukula dzanja n'kukhudza pamwamba mwakachetechete, ngakhale afupi omwe. Kunyumba, a Modesta anapenta makoma onse, koma pamwamba pa khomo, pomwe pali zizindikiro zakuda za zala za malemuwo, anamuuza wopenta kuti pasiyidwe.

Sabata yatha komiti inayamba ntchito. Inapeza kuti malo oonekera bwino okhomapo chikwangwani cha dzina la malemu ndi pamtengo wa mkombero wotsala uja, choncho inauchotsa. Bwalo la Kingston Chitedze tsopano lilibe mkombero.