Tibwezereni Timafulashi Tathu, Bwana

Kwa Bwana Mkulu Woona za Zamakono,
Chipinda cha Kapeti, Pamwamba.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndavula chipewa, ngakhale simukundiona. Ndine mlembi wanu wa pansi pa masitepe, uja amakhala pakati pa makina a fotokope ndi chitseko cha kuchimbudzi. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu akuluakulu a pano akhala akundiitana kuti "aujeni", ndipo inu mutabwera munausunga bwino mwambowo. Kalatayi ndaikhoma pabolodi la zidziwitso chifukwa netiweki imene munatibweretsera imagwira pokhapokha munthu ataimirira pampando pafupi ndi zenera la kukhitchini, ndipo bondo langa silikulolanso zimenezo.

Lachisanu likubwerali ndikaonekera pamaso pa komiti ya mwambo, imene inu ndinu wapampando wake, kukayankha mlandu wonyoza akuluakulu. Kwangotsala zaka ziwiri kuti ndipume pantchito mwaulemu. Mantha ndili nawo, sindibisa. Akazi anga anena kale kuti ndikachotsedwa ntchito ndidzapeze kwina kokasowera masana, chifukwa pakhomo pali kale mpando umodzi wothyoka. Koma munthu wophunzitsidwa bwino sayamba n'kulira, amayamba n'kuthokoza.

Choyamba, zikomo potichotsera chitini chija. Kwa amene abwera posachedwa ndifotokoze. Padesiki panga pankakhala chitini cha mabisiketi, ndipo m'menemo munkakhala timafulashi tating'onoting'ono, tija timagawidwa ulere kumisonkhano pamodzi ndi bolopeni yosalemba. Tsiku lina tinkakhala khumi, tsiku lina tisanu, palibe ankatiwerenga. Panali Kachikasu, panali Kopanda Chipewa, ndiye panali Kagogo, kothyoka msana, komangidwa ndi selotepi ndi chingwe cha nsapato. Kagogo kankanyamula makalata anayi ndi chithunzi chimodzi, chithunzicho chikakhala cha munthu wowonda.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali kochititsa manyazi ndithu. Kalata imodzi, kafulashi kamodzi. Ukafuna kuikamo china, unkayamba wafufuta chakale. A mesenjala ankangokaponya m'thumba la malaya n'kupalasa njinga yawo ulendo wa kulikulu. Kakapanda kubwerera palibe ankalira maliro, chifukwa mawa lake kankatulukira kena kochokera ku ofesi ina, kolembedwa dzina la msonkhano umene sitinapiteko. Ngakhale wakuba sankatiyang'ana kawiri, poti filimu simukwana, nyimbo imathera pakati. Makalata ankafika tsiku lomwelo, koma ankafika mwachikale, ndipo inu munaona kuti zimenezo sizingapitirire.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha nzeru zimene munabwera nazo kuchokera ku maphunziro a masiku atatu kuhotela kuja. Munabwerako mutanenepa nzeru, kolala ikuchita kukana kumangika. Munatisonkhanitsa n'kutiuza kuti timafulashi timeneti ndi ta nthawi ya taipilaita, ndipo kuti kuyambira tsikulo nthambi iliyonse ikhala ndi fulashi imodzi yokha, yaikulu, yodula, yoti ingameze ofesi yonse n'kutsalabe ndi njala. Apa ndiulule tchimo langa. Amene anayamba kuwomba m'manja ndine, ndipo amene anamaliza ndinenso. Chitinicho ndinachinyamula ndekha kupita nacho kubini, nditachigwira ndi zala ziwiri ngati mbewa yakufa. Mayi osesa anandiimitsa pakhonde n'kundiuza kuti, "Akulu, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Ine ndinawayankha kuti tsache ndi zamakono siziyenderana. Mawu amenewo ndinawalankhula mokweza kuti inu mumve, koma munali mutakwera kale masitepe.

Chachitatu, zikomo pondipatsa ine fulashi ya nthambi yathu kuti ndiziisunga. Tinaitcha Chinkhokwe. Bwana, chibadwire sindinapatsidwepo mendulo, choncho musandiweruze. Ndinachimangira chingwe cha buluu n'kumachivala m'khosi, kunja kwa malaya. Kutchalitchi ndinkapita nacho. Kwa alamu anga, aja amadzitama ndi galimoto yosalira, ndinkapita nacho. M'basi ndinkakhala motukula chifuwa kuti woyandikana naye afunse, ndipo akapanda kufunsa ndinkamufotokozerabe.

Koma malo akachuluka munthu amapenga. Nditaikamo makalata onse a ofesi, ndinaona kuti sindinadzaze ngakhale pangodya. Zinandiwawa kuona malo akungokhala. Ndinaikamo zithunzi za ukwati wa mwana wanga, zonse mazana atatu, ndi zija anthu anatuluka atatsinzina zomwe. Ndinaikamo chithunzi cha kuchipatala cha bondo langa. Ndinaikamo makalata khumi ndi imodzi ofunsira ntchito kwina, amene ndinawalemba panthawi zosiyanasiyana mtima utakwera. Pomaliza ndinaikamo kanema wa mphindi ziwiri, amene wandifikitsa pano.

Za kanemayu mwamva zambiri, koma imvani kwa mwini wake. Tsiku lina masana ndinakwera kudzasiya fayilo, ndinapeza mwapita kukatsegulira msonkhano, jekete mutaisiya pampando. Ndinangoti ndikhale pang'ono ndipumitse bondo. Bwana, mpando wanu umazungulira! Ndinazungulira kawiri, mutu nawo unazungulira. Posakhalitsa jekete inali pathupi panga, foni nditaitsamiritsa pa sitepula ya mapepala kuti izindijambula. Ndinatsokomola katatu monga muchitira inu, ndinagogoda wotchi ndi chala, n'kunena kuti, "Anzanga, tiziganiza mwamakono." Kenako ndinasaina pepala ndikuyang'ana kudenga. Sindinkanyoza ayi. Ndinkangofuna kumva mmene munthu amamvera akakhala pampando wopanda msomali, ndiponso kuti akazi anga aone kuti nanenso udindo ungandikhale. Ataonera anangoti manja a jekete atalika, ndikuoneka ngati ndabwereka, n'kupitiriza kusita.

Akanakhala pa Kagogo, kanema ameneyu akanafufutidwa mawa lake lomwelo kuti kalata ya tchuthi ipeze malo. Koma mu Chinkhokwe munthu safufuta kanthu. Ufufutirenji malo alipo?

Chachinayi, zikomo chifukwa cha kutchuka. Mwezi wathawu kulikulu anafuna ndandanda wa masiku a tchuthi, pepala limodzi lokha. Netiweki inali itapita kumene imapitako. Chitini kunalibe. Ndinavula Chinkhokwe m'khosi n'kuchipereka kwa a mesenjala ndi manja awiri. Iwo anachiyang'ana, anandiyang'ana, n'kufunsa ngati pepala limodzi limafuna lole. Ndinawauza kuti asiye za akuluakulu, agwire njinga.

Kulikulu chinakhalako masiku asanu ndi anayi. Fulashi yaikulu sibwerera msanga, Bwana, chifukwa aliyense ali n'choti aikemo, ndipo woika amayamba wasuzumira. Chinachoka kwa a sekilitale kupita kwa a zamalamulo, kuchoka uko kupita kwa oyendetsa magalimoto, ndipo ndamva kuti chinagona usiku umodzi kunyumba kwa munthu. Lero mlonda wa pageti amandichitira sawasha. Mayi ophika tiyi akamandithirira amatsokomola katatu n'kugogoda padzanja pamene palibe wotchi. A ku ofesi yoona za antchito anandiimbira foni kufunsa, mwachifundo chenicheni, ngati makampani khumi ndi imodzi aja anandiyankha. Sanandiyankhe, ngakhale imodzi, ndipo funso limenelo linandipweteka kuposa kanema. Zaka zonsezi palibe ankandidziwa, pano mpaka woyendetsa galimoto ya Bwana Wamkulu wa kulikulu akudziwa mmene bondo langa likuonekera m'kati.

Sindikuloza munthu chala. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo pusi wake ndine. Ndagwa anthu akuona, jekete ya eni ili pathupi.

Chachisanu ndi chaching'ono, mwina munachiiwala poti mumasenza zambiri. Miyezi iwiri yapitayo laputopu yanu inadzaza. Munatumiza mawu kuti aujeni akwere ndi Chinkhokwe, munakhala nacho masana onse, ndipo pobweza munandiuza kuti mwasungamo tinthu tanu pang'ono. Munatiika mu foda yolembedwa kuti "Malipoti a Pachaka". Apa ndiye ndinaona kuti sukulu ndi yabwino, chifukwa pakampani pano palibe munthu wamoyo amene anatsegulapo lipoti la pachaka. Chinkhokwe chazungulira likulu lonse, foda imeneyo palibe waikhudza. Inenso sindinaitsegule. Chala ndicho chinaterereka, katatu.

Zimene zilimo sindingazinene pabolodi pano, ndinaleredwa bwino. Ndingoti makanema asanu ndi awiri aja anajambulidwa mwaluso, kuwala kwake kwabwino, galasi la m'chipinda chanu lopukutidwa. Mawu othokoza amene mukukonzekera kudzalankhula tsiku lolandira mpando wa Bwana Wamkulu anandigwetsa misozi, ngakhale eni mpandowo akali moyo ndipo akudya bwino. Koma wachinayi uja, Bwana, m'mene mukuyenda ngati iwo akamatsika masitepe, kenako n'kuwodzera ngati iwo pamsonkhano, pakamwa pali yasa! Ine ndimangoyesera, katswiri ndinu. Mwaona, ndanenanso. Pakamwa pangapa ndi Chinkhokwe china.

Komabe mawu a mlembi wa pansi pa masitepe mukhoza kuwakana, aliyense akudziwa kuti mutu wake unazungulira. Chovuta kukana ndi chithunzi pakhoma. Chinkhokwe pano chili mu envulopu yomata, m'kabati ya komiti, monga umboni. Ndipo lamulo la komiti, limene munalemba nokha ndipo ine ndinalitaipa, likuti umboni uzionetsedwa wonse pa pulojekita, foda ndi foda, popanda kudumpha kanthu, kuti pasakhale chinyengo. Ndamvanso kuti Bwana Wamkulu, atamva za kanema wanga, anaseka mpaka kupukuta maso, ndipo anena kuti Lachisanu abwera kudzaonera okha. Akuti amakonda anthu odziwa kutsanzira.

Musaganize kuti ndikukuopsezani. Ndine ndani ine? Khoswe saopseza munthu, amangopezeka wakhala pamkhate.

Tsono dzulo ndinapita kwa mayi osesa, mutu uli pansi, kukapepesa za tsache zija. Anatsegula kachipinda kosungira matsache, anasuntha ndowa, n'kutulutsa chitini chija. Sanachitaye. Amasungiramo mabatani ndi singano, koma pansi pake timafulashi tonse tili phee. Anandipatsa Kagogo m'manja n'kutseka chitseko. Ndakayesa, Bwana. Kakugwirabe ntchito. Kanema wanga wa mphindi ziwiri akukwanamo ndendende, osatsala malo ngakhale a chithunzi cha munthu wowonda.

Pempho langa ndi ili, ndipo ndikulipereka nditagwada ndi bondo labwinoli. Inu monga wapampando muli ndi kiyi wa kabati komanso mphamvu yosankha chotengera umboni. Lamulani kuti umboni wa mlandu wanga usamutsidwire pa Kagogo. Manyazi anga akwanamo onse, anu sangalowe ngakhale mutakankha. Anthu aonere, aseke, Bwana Wamkulu apukutenso maso, inu mundidzudzule ndi mawu aakulu, mutsokomole katatu, mundipatse kalata yochenjeza, ine ndibwerere pansi pa masitepe kukamaliza zaka zanga ziwiri. Chinkhokwe mukhale nacho inu, chingwe cha buluu ndikupatsani ulere. Ndipo chitini chibwerere padesiki, kuti pepala limodzi lizipita lokha, osanyamula moyo wonse wa munthu kumsana. Mukhoza kulengeza kuti ndi njira yatsopano imene mwaitulukira, ine ndidzayamba kuwomba m'manja monga mwa masiku onse.

Koma ngati malamulo anu salola kuti zinthu za nthawi ya taipilaita zilowe m'chipinda cha komiti, ndimvera, pakuti ndinu odziwa. Ndapita kale kukaona benchi ya panja pa chipindacho, pamene amadikirira anthu a milandu. Ndi yolimba, ndipo anthu awiri akwanapo bwinobwino. Ndidzafika molawirira ndi kansalu, ndidzapukute mbali yanu.

Ine wanu wochepa malo koma wosunga zambiri,

Aujeni,
Mlembi wa pansi pa masitepe.